Ntchito ya mtengo wogwirizana: pa nkhani ya msonkho, ndine wolembedwa ntchito kapena kontrakitala?

Mmisiri wa ku Ngabu analemba:

Akuluakulu ndi amayi nonse, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa sabata ziwiri, ndipo ndikupempha inu amene mumadziwa za msonkho kuti mundiunikire. Ine ndine mmisiri womanga nyumba, ndimakhala ku Ngabu, ndipo ntchitoyi ndaigwira kwa zaka 17. Miyezi iwiri yapitayo bungwe lina lothandiza anthu, limene sindilitchula dzina, linandipatsa ntchito yomanga zimbudzi 12 ndi kukonza chipinda chimodzi chophunziriramo pa sukulu ina imene inagumuka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Tinagwirizana K6,000,000 ya manja okha, chifukwa simenti, njerwa, zitsulo ndi malata akugula ndi eni ake, ndipo ndalamayo ikuperekedwa katatu: ndikamaliza maenje ndi maziko, ndikafika pa lenta, komanso tsiku lopereka makiyi.

Chigawo choyamba cha K2,000,000 chinabwera popanda vuto. Akauntanti amene analipo nthawi imeneyo anadulapo msonkho umene anautchula kuti withholding tax (msonkho umene wopereka ndalama amadula asanakulipire), pa mulingo wa makontrakitala a zomangamanga, ndipo zotsalazo zinandikwanira kulipira anyamata anga. Tsopano akauntanti aja anasamutsidwa, kwabwera ena, ndipo iwowa akunena kuti ine sindine kontrakitala koma wolembedwa ntchito wa bungwelo, kotero pa chigawo chachiwiri adula PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro a anthu olembedwa ntchito) ngati kuti K2,000,000 yonseyo ndi malipiro anga a pamwezi. Atandiwerengera pa kalikuleta, zodulidwazo zinapitirira K500,000. Zifukwa zawo n'zakuti zipangizo zomangira ndi za bungwe, kapitawo wawo amabwera m'mawa uliwonse ndi buku limene ndimasayinamo, ndilibe kampani yolembetsedwa, ndiponso miyezi imeneyi sindikugwirira wina aliyense.

Koma pa K2,000,000 iliyonse, pafupifupi K1,300,000 si yanga ayi. Ndili ndi amisiri awiri ndi othandizira anayi amene ndinawapeza ndekha ndipo ndimawalipira ndekha Loweruka lililonse, kuphatikizapo mwini ngolo amene amatitungira madzi ku mjigo. Wilibala, mafosholo, mapiki ndi levulo ndi zanga. Nthawi yoyamba ntchito ndimanena ndine: timayamba 5 koloko m'mawa, 11 koloko ikakwana timathawa dzuwa, ndipo timabwereranso cha m'ma 3 koloko masana, monga adziwira aliyense amene anaumbapo njerwa kuchigwa kuno mu Okutobala. Dzenje limodzi litagumukira m'kati chifukwa cha dothi lamchenga, tinalikumbanso masiku anayi, ndipo bungwe silinawonjezere ngakhale tambala imodzi. Kodi munthu wotere ndi wolembedwa ntchito? Nanga mtengo wogwirizana umene tinasayinirana sukutanthauza kale kuti ndine kontrakitala?

Akauntanti Opuma, Nchalo, anayankha:

Achimwene a ku Ngabu, pepani ndi zimene mwakumana nazo. Ndinagwira ntchito yowerengera malipiro a anthu kwa zaka zambiri ndisanapume mu 2021, ndipo mkangano ngati wanuwu ndinauona kangapo. Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Mtengo wogwirizana pa wokha sukupangitsani kukhala kontrakitala. Lamulo la Employment Act la 2000 limavomereza mitundu itatu ya mgwirizano wa ntchito, ndipo umodzi mwa iyo ndi wolemba munthu kuti agwire ntchito imodzi yodziwika, ikatha basi. Choncho munthu akhoza kulipidwa ndalama imodzi yokhazikika pa ntchito imodzi, n'kukhalabe wolembedwa ntchito. Chimene chimayang'anidwa, kaya ndi ku MRA (bungwe la boma lotolera msonkho) kaya ndi kubwalo la milandu, ndi mmene ntchitoyo ikuyendera tsiku ndi tsiku, osati mutu umene walembedwa pamwamba pa pepala.

Pa zimene mwafotokozazi, nkhani ya dzenje logumuka ija ndiyo yolemera kuposa zonse, ndipo musaiiwale mukamakayankhula nawo. Wolembedwa ntchito akakumba dzenje n'kugumuka, masiku anayi okumbanso aja amalipidwa monga masiku ena onse, ndipo kutayika kwa ndalama kumagwera abwana. Inu munalipira anyamata anu masiku anayi kuchokera m'thumba mwanu, ndipo mukanati mumalize ntchito yonse sabata ziwiri nthawi isanakwane, phindu la kufulumirako likanakhala lanu. Munthu amene amapindula akagwira mwanzeru, n'kuluza akalakwitsa kapena tsoka likamugwera, ameneyo akuchita bizinesi yake. Onjezeranipo kuti anthu asanu ndi mmodzi aja munawasankha nokha, mukhoza kuchotsa mmodzi mawa n'kuikapo wina popanda kupempha chilolezo, ndipo mutadwala malungo ntchito ingapitirire ndi amisiri anu awiri aja. Bungwe linagula zimbudzi zomalizidwa, silinagule maola anu.

Zifukwa za akauntanti atsopanowo zili ndi kulemera kosiyana. Yoti mulibe kampani ndi yopanda mphamvu, chifukwa munthu payekha akhoza kuchita bizinesi m'dzina lake n'kukhala ndi TPIN yake, imene ndi nambala imene MRA imapereka kwa wolipira msonkho. Yoti zipangizo zomangira ndi za bungwe ndi yofookanso, popeza ntchito ya manja okha ndi yofala kwambiri pa zomangamanga, ndipo zida zogwirira ntchito ndi zanu. Yoti simukugwirira wina miyezi imeneyi ingakhale ndi tanthauzo ngati pepala lanu likukuletsani kutero, koma ngati mwangotanganidwa chabe, palibe nkhani. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi buku limene mumasayinamo lija. Funso ndi lakuti, kodi kapitawoyo amabwera kudzaona ngati khoma lawongoka ndi ngati simenti yasakanizidwa moyenera, kapena amabwera kudzakuuzani kuti lero muyambe apa, mawa mukathandize kutsitsa katundu ku ofesi? Kuyendera ntchito ndi ufulu wa aliyense amene akulipira ndalama zake, ndipo sikusintha kanthu. Koma akayamba kukulamulani nthawi yofika ndi yoweruka, kukupatsani tchuthi, kapena kukutumani ntchito zimene sizili m'mgwirizano, pamenepo zinthu zimayamba kupendekera kwa akauntantiwo.

Ndinene chifukwa chake anzangawa amachita mantha chonchi, kuti musawaone ngati ankhanza chabe. Pansi pa lamulo la msonkho la Taxation Act, udindo wodula PAYE ndi kuipereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira uli pa olemba ntchito, ndipo akapanda kudula pamene anayenera kudula, ndalamayo imafunidwa kwa iwo pamodzi ndi chilango. Kotero akauntanti amene wangofika kumene pamalo, akakayikira, amasankha kudula zambiri kuti adziteteze. Kuwerengera kwawo n'kolondola ngati titenga milingo imene inayamba mu Epulo 2024, pamene K150,000 yoyamba pamwezi sinkadulidwa msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, ndipo yopitirira apo mpaka K2,550,000 inkadulidwa 30 peresenti: pa K2,000,000 zimatuluka K537,500. Cholakwika si masamuwo koma chinthu chimene akuchiwerengera. PAYE imadulidwa pa malipiro a munthu mmodzi, pamene m'ndalama yanuyo muli malipiro a anthu asanu ndi awiri ndi mtengo wa ngolo. Akadula chonchi, pa K700,000 imene imakutsalirani mukhala ndi K162,500, ndiye kuti mwalipirira msonkho ndalama zimene zinangodutsa m'manja mwanu.

Mayi wa ku Bangula anayankha:

Bambo a ku Nchalo afotokoza bwino, ndipo pa nkhani ya mmisiri wathuyu sindikutsutsana nawo. Koma ndikufuna kuti ena amene akuwerenga pano asathamangire kuganiza kuti kutchedwa kontrakitala ndi mwayi nthawi zonse, chifukwa kunyumba kwathu dzina limenelo linatipweteka.

Mlongo wanga anagwira ntchito yoyendetsa injini yopopera madzi pa munda wina waukulu wothirira kwa zaka zinayi. Miyezi itatu iliyonse ankamusayinitsa pepala latsopano lonena kuti wapatsidwa ntchito ya mtengo wogwirizana, ndipo pamwamba pake ankalembapo kuti iye ndi kontrakitala wodziimira payekha. Komatu injini inali yawo, dizilo wawo, ovolosi ndi magambuti zawo, ndipo nthawi yoyatsa ndi yozimitsa ankauzidwa ndi folomani. Tsiku lina mwana wake atagonekedwa kuchipatala, anapempha kuti msuweni wathu, amene amaidziwa injiniyo, akamugwirire kwa masiku awiri, koma anamukaniza n'kumudula ndalama za masiku awiriwo. Tsono ndifunse, mtengo wogwirizana wanji umene umadulidwa munthu akajomba? Pa ndalama zake ankamudula withholding tax mwezi ndi mwezi, pamene akanamulemba ngati wantchito, malipiro ake anali ochepa moti gawo lalikulu likanagwera m'chigawo chosadulidwa msonkho. Panalibe penshoni, pamene lamulo limati olemba ntchito aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, panalibe tchuthi, ndipo atamuuza kuti pepala lina silibweranso, anachoka ndi jumbo ya zovala zake basi.

Titapita ku ofesi ya zantchito paboma, anatiwerengera gawo 3 la Employment Act, limene limati wantchito ndi munthu aliyensenso amene akugwirira wina ntchito modalira iyeyo pa chuma, m'njira yofanana kwambiri ndi wolembedwa ntchito kusiyana ndi kontrakitala wodziimira payekha. Anatiuzanso kuti mapepala a nthawi yochepa akamagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza pa udindo umene ndi wokhazikika pa malopo, lamulo limawatenga ngati mgwirizano wopanda malire a nthawi, ndipo nkhani zotere zikakanika kwa mkulu wa zantchito zimapita ku bwalo la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court. Ndiye Bambo a ku Ngabu, inu muli ndi anyamata anu, zida zanu ndi dzenje lanu logumuka, imani nazo zimenezo. Koma amene alibe ngakhale chimodzi mwa izi, ndipo akungosayina pepala lomwelomwelo chaka ndi chaka, adzifunse kuti dzina la ukontrakitala likupindulira ndani.

Mwana wa ku Makhanga, ali ku Leeds, anayankha:

Akuluakulu, ndingoponyapo mawu ochepa kuchokera kuno kumene ndikugwira ntchito za makompyuta. Mkangano womwewu ulipo ku UK pansi pa malamulo otchedwa IR35, amene anayamba mu 2000, ndipo kuyambira 2017 m'maofesi a boma, kenako 2021 m'makampani akuluakulu ndi apakati, udindo woweruza ngati munthu ndi wantchito kapena ayi unaikidwa pa amene akupereka ntchito. Malamulo amenewo ndi a kuno ndipo sagwira ntchito ku Malawi, koma mafunso amene oweruza amafunsa ndi ofanana ndi amene Bambo a ku Nchalo atchula, chifukwa onse akuchokera ku milandu yakale ya ku England, monga wa Ready Mixed Concrete wa 1968, pamene khoti linapeza kuti dalaivala wonyamula konkire pa lole yakeyake sanali wolembedwa ntchito ngakhale ankavala yunifolomu ya kampani. Kuno anthu ambiri amathamangira ku ntchito ya mtengo wogwirizana poganiza kuti ndi chishango, koma pepala likanena zina ndipo zochitika pa ntchito zikunena zina, amakhulupirira zochitikazo.

Mmisiri wa ku Ngabu anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, takhuta. Bambo a ku Nchalo, kapitawo uja sandituma kanthu. Amafika cha m'ma 8 koloko ife titagwira kale maola atatu, amawerenga matumba a simenti amene atsala, amayang'ana makoma, kenako ndimasayina kuti ndalandira matumba angati tsikulo. Ndiye kuti bukulo ndi la katundu, si la kujomba, koma pachikuto pake analembapo dzina langa ngati mmodzi wa antchito a pulojekiti. Ndiulule chinthu china chimene ndinachita manyazi kunena poyamba: ine TPIN ndilibe, ndipo pamene anandidula msonkho pa chigawo choyamba sanandipatse pepala lililonse kupatula risiti ya ndalama zimene ndinalandira. Kodi ndalama imene anadula ija inapita m'dzina la ndani? Ndiponso mawu a Mayi a ku Bangula andichititsa kulingalira za anyamata anga: kodi kwa iwo ine ndine ndani?

Akauntanti Opuma, Nchalo, anayankha:

Achimwene, apa ndiye mwatchula pamene pali bala lenileni, ndipo ndikukhulupirira kuti kusowa kwa TPIN ndiko kunayambitsa zonsezi. Akauntanti watsopano akatsegula failo n'kupeza munthu amene walandira K2,000,000 wopanda TPIN, wopanda invoisi, dzina lake lili pa buku la antchito, n'zosadabwitsa kuti amuona ngati wantchito amene anaiwalika pa ndandanda wa malipiro. Inu mukuchita bizinesi, koma mapepala anu sakunena choncho.

Withholding tax kwa munthu wa bizinesi ngati inu si msonkho womaliza ayi, ndi ndalama imene mwalipiriratu. Chaka chikatha mumayenera kuuza MRA ndalama zonse zimene munalandira, kuchotsapo zimene munagwiritsa ntchito kuti muzipeze, monga malipiro a anyamata, ngolo ndi kukonzetsa wilibala, ndipo msonkho umawerengedwa pa phindu lotsalalo. Zimene anakudulani kale zimachotsedwa pa msonkho umenewo, ndipo zikapitirira muli ndi ufulu wopempha kuti akubwezereni kapena azisungire chaka chotsatira. Koma zonsezi zimatheka pokhapokha muli ndi setifiketi ya withholding tax yochokera kwa amene anakudulani, yosonyeza dzina lanu ndi TPIN yanu. Popanda zimenezo, ngakhale bungwelo linaperekadi ndalamayo ku boma, inu mulibe chogwira kuti munene kuti ndi yanu. Amisiri ambiri kuchigwa kuno amadulidwa chaka ndi chaka n'kumangoti boma latenga, osadziwa kuti akutaya umboni wa ndalama zawo zomwe.

Mulingo umene akudula nawonso muziufunsa, chifukwa umatengera mtundu wa ntchito. Pamene ndinkapuma mu 2021, makontrakitala a zomangamanga ankadulidwa 4 peresenti, ogulitsa katundu kwa mabungwe 3 peresenti, ntchito zina zothandiza (services) 20 peresenti, ndipo waganyu ankadulidwa 20 peresenti pa ndalama zopitirira K35,000. Milingo imeneyi imasinthidwa ndi Nyumba ya Malamulo pa nthawi ya bajeti, choncho pemphani kuti akuonetseni ndandanda wa chaka chino ndi mzere umene akuikani. Ndaonapo womanga nyumba akuikidwa pa mzere wa ntchito zothandiza chifukwa chakuti pa invoisi yake analemba mawu amodzi okha akuti ntchito, osafotokoza kuti anamanga chiyani.

Za anyamata anu, yankho simulikonda, koma ndi lomwelo limene likukutetezani inuyo. Ngati inu muli kontrakitala chifukwa mumalemba anthu, kuwauza nthawi yofika ndi kuwapatsa zida, ndiye kuti kwa iwo abwana ndinu. Othandizira anayi aja mwina malipiro awo a pamwezi safika pamene PAYE imayambira, koma amisiri awiriwo awerengereni bwino. Chachikulu kuposa msonkho n'chakuti dzenje lija likanagumuka munthu ali m'kati, lamulo la Workers' Compensation Act la 2000, lokhudza chipepeso cha ovulala pa ntchito, likanayamba kufunsa amene anamulemba ntchito, ndipo ameneyo ndinu. Gulani kope la chikuto cholimba, Loweruka lililonse aliyense azisayina kapena kudinda chala pa ndalama zimene walandira, mwini ngolo yemwe, chifukwa kope limenelo ndilo lidzasonyeze kuti K1,300,000 ija sinali phindu lanu.

Musanalandire chigawo chachiwiri, tengani chiphaso chanu cha unzika ndi pepala la mgwirizano mupite ku ofesi ya MRA imene muli nayo pafupi, kapena mukwere mtunda wa Thabwa mpaka ku Msonkho House ku Blantyre, mukalembetse TPIN. Mukabwerako, lembani kalata yaifupi kwa mkulu wa pulojekiti, osati kwa akauntanti okha, yofotokoza za anyamata anu, zida zanu, maola anu ndi dzenje lija, ndipo mupemphe zinthu zitatu: setifiketi ya msonkho wa chigawo choyamba m'dzina lanu, kuchotsedwa kwa dzina lanu pa buku la antchito, komanso kuti ngati akukayikirabe afunse MRA m'makalata asanadule. Invoisi ya chigawo chachiwiri muilembe momveka kuti ndi ya kumanga zimbudzi 12 kufika pa lenta monga mwa mgwirizano, muikepo TPIN yanu ndi deti, ndipo musunge kope lake.